Gologolo ndi Maliro a pa Kabaza

Chaka chimene khonsolo ya nyama inauma m'thumba, inaika Fisi pa mlatho, n'kumupatsa migolo iwiri ndi mtengo wopingasa msewu. Inamuuza kuti iye ndi khonsolo yomwe azidya za zindapusa. Kuyambira tsikulo njinga iliyonse inali ndi mlandu: ina belu losalira, ina belu lolira kwambiri. Wolephera kulipira ankasiya njinga. Ena ankalowa m'kanyumba ka Fisi kukadandaula, ndipo palibe akukumbuka kuti anatulukamo.

Gologolo ankadyetsa ana ake ndi kabaza, choncho mantha anamugwira. Koma anaona kuti maliro akamadutsa, Fisi ankavula chipewa n'kukweza mtengo. Basi Gologolo anamangirira masamba aawisi pa handulo, nakulunga mlamu wake Mbira mu mphasa, pamodzi ndi mtedza wa malonda.

"Watisiya ndani?" anafunsa Fisi.

"Alamu anga, bwana. Chifuwa."

"Pepani. Dutsani."

Atakhota, awiriwo anaseka mpaka njinga kudzandira. Mawa lake Mbira anamwaliranso ndi malungo, kenako ndi njoka. Akabaza onse anatengera nzeruyo, ndipo khonsolo inayambanso kulira njala.

Tsiku lina Fisi sanavule chipewa. Anazungulira njinga pang'onopang'ono, akununkhiza mphasa, dovu likuchucha.

"Imfa yachuluka, a Gologolo. Khonsolo yakumverani chisoni. Kuyambira lero maliro onse tiziika ndife, mwaulere. Tsitsani, muwagoneke m'kanyumbamo."

Mphasa inanjenjemera. Gologolo anayang'ana njinga yake, nayang'ana zala za Mbira zimene zinkasuzumira kumapeto. Kenako anaulula.

"Bwana, malemuwa ali moyo."

"Ndikudziwa. Dzana anandiyetsemulira," anatero Fisi mofatsa. "Ndiye kuti mwanyamula wamoyo wopanda helemeti, ndi katundu wozembetsa. Atsale alamu, kapena itsale njinga. Sankhani."

Gologolo anamasula mlamu wake, natsamiritsa njinga pa mulu wa zinzake, mtima ukuwawa. Awiriwo anabwerera wapansi, ndipo ana anagona ndi njala.

N'chifukwa chake lero Gologolo amayenda m'nthambi, ndipo akati adutse msewu amathamanga ngati wapsa mchira. Koma asati wapulumuka. Dzulo Fisi anaoneka patsinde pa mkuyu akuyang'ana m'mwamba, mgolo uli paphewa.