Mipira Iwiri ya a Mtambalika

Pasukulu ina ya sekondale panali munthu wina, mkulu wa gawo la sayansi, a Mtambalika. Anali munthu wodziwa malo a aliyense. Pamsonkhano ankadziwa woyenera mpando wa khushoni ndi woyenera benchi. Pa tiyi ankadziwa woyenera kapu yadothi ndi woyenera yapulasitiki. M'gawo lawo munali mwambo wosalembedwa paliponse: wamng'ono akonze ntchito, wamkulu akaionetse. Iwo anaupeza mwambowo, nazunzika nawo zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano nthawi yawo yodyerera inali itakwana, ndipo sanaone chifukwa chousinthira.

Chaka china kunabwera kalata yoti aphunzitsi a sayansi a m'chigawo chonse apikisane pophunzitsa phunziro limodzi pamaso pa oweruza. Wopambana adzapatsidwa malo okapitiriza maphunziro ku yunivesite. Malowo anali amodzi okha.

Pasukulupo panali mphunzitsi wachitsikana, Nachisale, amene anadikira mwayi wotere zaka zisanu. Kwa milungu isanu ndi umodzi anakonza phunziro la mmene nyenyezi zimapangira zinthu zimene zili m'matupi mwathu. Atamaliza anapita nalo kwa mkulu wake kuti alisainire. A Mtambalika anawerenga tsamba loyamba, naona kuti ndi labwino. Anafufuta dzina limene linali pamwamba, nalembapo lawo.

"Madamu, ntchito mwaigwira," anatero. "Koma nkhani ya nyenyezi ndi yolemera, ifunika mawu a munthu wamsinkhu. Inu mudzatinyamulira chikwama cha zipangizo."

Nachisale anati, "Bwana, mundilole ndikuonetseni za mipira iwiri imene ili m'phunziroli. Ili ndi kagwiridwe kake."

"Ndinayamba kugwira mpira inu musanabadwe," anayankha a Mtambalika. Sakanalola kuphunzitsidwa ndi wamng'ono muofesi mwawo, chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza. Aliyense anapatsidwa mphindi makumi awiri. A Mtambalika anatha zisanu ndi ziwiri akutchula alendo olemekezeka mwa ndondomeko yawo, osalumpha ngakhale mmodzi, ndipo pa zimenezi panalibe wowaposa. Atatero anatsegula pepala nayamba kuwerenga.

Linali phunziro lomveka. Nyenyezi yaikulu, linatero pepalalo, ndi ng'anjo yolemera koopsa, ndipo kulemera kwake kumafuna kuiphwanyira m'kati. Chimene chimaichirikiza ndi kutentha kochokera pakati pake, pamene timitima ta maatomu opepuka timagundana n'kuphatikizana. Haidrojeni amasanduka hiliyamu, hiliyamu amasanduka kaboni ndi okosijeni, ndipo zimapitirira motero. Kuphatikizana kulikonse kumatulutsa mphamvu. Koma ikafika pa chitsulo nkhani imasintha, pakuti kuphatikiza chitsulo sikutulutsa mphamvu, kumangomeza. Pakati pa nyenyeziyo pamagwa sekondi imodzi isanathe. Zakunja zimagwera pa mtima wolimbawo n'kunjanja, nyenyezi n'kuphulika. M'moto wa kuphulikako mumapangika zinthu zinanso, ndipo zonse zimamwazikira kutali.

A Mtambalika anawerenga ndi mawu aakulu okoma, akumvetsera kukoma kwa mawuwo osati zimene mawuwo ankanena. Kenako anafika pa mzere wakuti: "Ikani mpira wa tenesi pamwamba pa mpira wamiyendo, muigwetse pamodzi."

Anaima. Anauwerenganso chamumtima. Apa Madamu walakwitsa, anaganiza motero, monga amalakwitsira ana osadziwa mwambo. Wamng'ono angakhale bwanji pamutu pa wamkulu, pamaso pa alendo olemekezeka? Anakonza cholakwacho mwakachetechete. Anaika waung'ono pansi, waukulu pamwamba, nalengeza kuti anthu aone kuphulika kwa nyenyezi.

Anagwetsa. Mpira waukulu unanjanja mwaulesi kawiri. Waung'ono unathawira kunsi kwa tebulo la oweruza, ndipo a Mtambalika anagwada ndi jekete lawo kukautenga pakati pa nsapato za alendo.

Anagwetsa kachiwiri, zinachitika zomwezo. Anafotokozera anthu kuti mipira ya masiku ano ndi yosalimba. Kachitatu anaiponya pansi ndi mphamvu, ndipo waung'ono unathamangira cham'mbali n'kugwetsa botolo la madzi la mlendo wolemekezeka.

Mkulu wa oweruza anali pulofesa, mayi wa imvi wolankhula motsitsa. Anapukuta madzi pa mapepala ake nafunsa, "Bambo, mpira waukuluwo ukuimira chiyani?"

"Ukuimira akuluakulu a m'nyenyezimo, mayi."

"Nanga n'chifukwa chiyani ng'anjoyo imazima ikafika pa chitsulo?"

"Chifukwa chitsulo n'cholimba, mayi. Ngakhale nkhwangwa ikhoza kuchitira umboni."

Kumbuyo wina anatsokomola motalika kuposa mmene chifuwa chimafunira. A Mtambalika anatembenuka. Anayang'ana kukhomo kumene Nachisale anaima ndi chikwama, namutsinzinira diso kuti abwere awanong'oneze yankho. Nachisale anali kuyang'anitsitsa zipi ya chikwamacho ngati akuiona koyamba.

Pulofesa anatsata kumene diso linapita. "Mayi mwanyamula chikwamanu, kodi mungatithandize?"

A Mtambalika anapuma, poganiza kuti mwambo uwapulumutsa. Wamng'ono amanena kuti sadziwa kanthu, kapena amati bwana ndi amene anamuphunzitsa.

"Ndingathe, mayi," anatero Nachisale, "pakuti phunzirolo ndinalemba ndine."

Anatula chikwama pansi napita kutsogolo. Sanatchule mlendo aliyense. Ananena kuti mpira waukulu ndi zolemera za pafupi ndi mtima wa nyenyezi, ndipo waung'ono ndi zopepuka zakunja. Zolemera zikagunda n'kunjanja, mphamvu yawo imapatsira zopepuka zimene zili pamwamba. Anakhazika waung'ono pamutu pa waukulu, natambasula manja, nasiya.

Mpira waukulu unangodzuka pang'ono. Waung'ono unauluka ngati waponyedwa ndi legeni, n'kukagunda malata a denga kuti pho! Fumbi la zaka zambiri linatsika pang'onopang'ono n'kutera pa mapewa a a Mtambalika.

"Ndi mmene okosijeni amene mukupumayu, ndi kashiyamu wa m'mafupa mwanu, zinatulukira m'nyenyezi," anatero Nachisale.

Oweruza anamufunsa mafunso ena asanu, iye nayankha onse. Pulofesa anaitanitsa pepala lija, naliyang'ana kowala, naona dzina lofufutidwa kunsi kwa dzina linalo. Malo aja anapatsidwa kwa Nachisale.

Lolemba lake, pamsonkhano wa aphunzitsi, a Mtambalika analengeza kuti gawo lawo lapambana pansi pa utsogoleri wawo, ndi kuti mipira ija anaitembenuza dala pofuna kuyesa kulimba mtima kwa Madamu. Anapempha kuti mawuwo alembedwe m'maminitsi, ndipo analembedwa.

Inu ondimva, sekani, koma dziwani kuti holo zambiri zilibe pulofesa wofunsa funso lachiwiri. Ambiri onga Nachisale amabwerera kwawo atanyamula chikwama, dzina lawo litafufutidwa, ndipo amauzidwa kuti athokoze. Ichi si chikhalidwe, ndi kuba.

Ena mwa inu posachedwa mudzakhala ndi ofesi, chidindo ndi anthu okugwadirani. Mudzakhala pakati pa nyenyezi. Kumbukirani kuti pakati pamakhala chilili pokhapokha pamene pakutulutsa mphamvu. Tsiku limene mudzayambe kumeza ntchito za ena osabweza kanthu, mudzakhala mutasanduka chitsulo. Mudzaonekabe owala kwa oonera patali, koma nthawi yanu idzakhala yotsala pang'ono. Choncho wamng'ono akakubweretserani ntchito ya manja ake, sainani m'munsi, pamalo panu. Pamwambapo pali mwini wake.