Dzoole ndi Nyumba ya Manja

Kalekale, ana anga, kutali kumene mvula imabwera ngati mlendo wosochera, kunali kamudzi kotchedwa Kaphulusa. Kum'mawa kunali mchenga, kumadzulo mchenga, ndipo mphepo ikawomba, ngakhale m'kamwa munali mchenga. Komabe alendo ankabwera, chifukwa kamudziko kanali ndi zinthu zitatu zakale zoti munthu aone. Kunali chitsime chakuya chotsikira pa makwerero a miyala. Kunali chipata chachitali chimene mpanda wake unagwa kale, chokhacho n'kutsala chili chiimire. Ndipo kunali Nyumba ya Manja.

Nyumba imeneyi inali yoyamba kumangidwa pamudzipo, yadothi, yaifupi, yosakopa maso. Koma anthu a ku Kaphulusa anali ndi mwambo wawo. Mwana akangoyamba kuyenda, bambo wake ankamata dothi lonyowa pakhoma la nyumbayo, n'kunyamula mwanayo, n'kudinda kadzanja kake pamenepo. Ankati mchenga umafufuta mapazi, koma khoma limasunga dzanja. Motero khoma lonse linali timanja tokhatokha, tina pamwamba, tina pansi, tina topendekeka chifukwa eni ake ankalira n'kumaphiriphitha.

Wosamalira nyumbayo anali Dzoole, bambo wachinyamata. Ankasesa mchenga pakhomo, kuyendetsa alendo, ndi kuwafotokozera za makolo. Mkazi wake anali Nangondo, ndipo anali ndi kamwana kamodzi kakakazi, Sungeni, kamene dzanja lake linali latsopano kuposa ena onse pakhomapo.

Tsiku lina kunabwera wamalonda wolemera ndi abulu ake. Anaona chitsime, anagwedeza mutu. Anaona chipata, anagwedeza mutu. Atafika pa Nyumba ya Manja, anaphulika kuseka.

"Nyumba yotchuka ija ndi imeneyi? Ine ndimayesa khola! Kwathu ngakhale khola la mbuzi timalizira bwino n'kulipaka njereza. Apa pakungokhala ngati papalasa nkhuku."

Antchito ake anaseka. Dzoole naye anasekako, koma manyazi anamulowa mpaka m'mafupa. Wamalonda uja anapita, mawu ake n'kutsala. Dzoole akamasesa ankawamva, akamadya ankawamva, akayang'ana khoma ankangoona mopalasa nkhuku.

Inafika nyengo imene anthu a pamudzipo ankapita kukatapa mchere kutali. Dzoole anatsala, poti nyumba sinkasiyidwa yokha. Anakumba dothi, anatunga madzi, anayamba kuponda.

"Bambo a Sungeni, mukutani kodi?" anafunsa Nangondo.

"Ndikukonza khoma."

"Chawonongeka n'chiyani?"

"Inu simunamve mmene ankatisekera."

"Mlendo ndi mame, bambo. Wosekayo lero ali kuti?"

Dzoole anangopitiriza ntchito yake. Anamata, anasalaza, anapaka njereza. Khoma linayera mbee, losalala ngati dzira. Iye anaima patali, manja m'chiuno, kudikira mlendo woti adzayamikire.

Mlendo anabweradi. Inali nkhalamba yosaona, a Mphadzula, imene anthu apaulendo anaitsitsa pachipata.

"Takulandirani, agogo," anatero Dzoole. "Tiyambire kuchitsime?"

"Iyayi, mwanawe. Chitsime ndikuchidziwa, chipata ndikuchidziwa, ndinabadwira konkuno. Ndinachoka ndili ngati iweyo. Mwana wanga Mwandida anamwalira chaka chatha, ndipo manda ake ndawasiya kutali. Koma kadzanja kake kali pano. Ndinamukweza paphewa ndekha, n'chifukwa chake kali pamwamba, kumanzere kwa khomo. Ndifikitse ndikagwire, basi."

Dzoole anawayandikira. Anawagwira dzanja, n'kuwatsogolera pang'onopang'ono, Sungeni akutsatira pambuyo. Nkhalamba inatambasula mkono. Inapapasa kumanzere, inapapasa pamwamba, inapapasa pansi.

"Wandisocheretsa, mwanawe. Ino si nyumba yake."

Amene anayankha anali Sungeni.

"Ndi yomweyi, agogo. Ababa anafufuta manja onse. Langanso."

A Mphadzula sanakalipe. Anangokhala pansi, msana atatsamira khoma loyeralo, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndamuika m'manda kawiri."

Ana anga, bwenzi zili bwino akanamutukwana. Dzoole analakalaka mchenga utamukwirira pomwepo. Anayang'ana nkhalamba, anayang'ana mwana wake, anayang'ana manja ake, m'zikhadabo mudakali njereza. Kenaka anatola phale, anakwera pamwala kumanzere kwa khomo, n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, ngati munthu wochotsa chitsotso m'diso la khanda.

Akupala choncho, otapa mchere anabwerera. Anatula akatundu awo n'kuima chete, kuyang'ana khoma. Palibe anafunsa, palibe analoza chala. Dzoole sanacheuke, koma maso awo ankamutentha kumsana kuposa dzuwa. Nangondo anatola phale lake n'kuima pambali pa mwamuna wake. Kenaka wina anatola, winanso anatola, mpaka khoma lonse linazunguliridwa, aliyense kufunafuna dzanja la wake.

Timanja tina tinatuluka tathunthu. Tina tinatuluka tobenthuka. Tina tinayoyokera limodzi ndi dothi latsopano, osaonekanso.

Pamwamba paja panatuluka tizala titatu ndi theka la kachikhatho.

"Agogo," anatero Dzoole, "ndapeza, koma ndakawononga. Kangotsala ndi zala zitatu."

Anawaimiritsa, n'kuika dzanja lawo pamenepo. Nkhalamba inasisita tizala tija kamodzikamodzi, misozi ikutsika.

"Ndi yemweyu. Kachala aka kanali kopindika chibadwire. Zinazo ndikuzikumbuka ndekha."

Pamenepo Sungeni anakoka malaya a bambo ake. "Nanga langa, ababa?"

Dzoole anagwada pamalo pamene anadinda dzanja la mwana wake kale. Anapala, anapala, anapala. Koma dothi la pamenepo linali lisanakhwime ngati la makolo, ndipo linali litasungunukira limodzi ndi lomatiralo. Panalibe kanthu.

Ananyowetsa dothi lina, ananyamula Sungeni, n'kudinda dzanja lake kachiwiri. Mwanayo anayang'anitsitsa.

"Ili ndi lalikulu, ababa. Kakang'ono kaja kali kuti?"

"Ndinakataya ndine, mwanangu," anatero Dzoole, atazolika. "Sikadzabweranso."

Kuyambira tsiku limenelo, alendo akabwera, Dzoole ankawaonetsa chitsime ndi chipata, kenaka ankawafikitsa pakhoma la timanja tobenthuka. Wina akafunsa kuti anawononga ndani, sankanamizira mphepo. Ankati, "Ndine," n'kupitiriza kusesa.

Ndiye mumve, ana anga: kuseka kwa munthu wodutsa kusakuchititseni manyazi ndi za kwanu. Wosekayo mawa kulibe, koma chimene mwafufuta chifukwa cha iye sichibwerera chonse.

Yanga yathera pamenepa. Thamangani mukaphule mbatata ija isanapserere.