Jombo Ziwiri za Gologolo

Kale, nyama zisanatope ndi zoguba, kunali dziko lotchedwa Thengolakuda, ndipo dzikolo linali ndi asilikali apamtunda oti mukawaona pa perete munkachita kugwira pakamwa. Kutsogolo kunkakhala gulu la Anyanga, anjati ndi azipembere. Pambuyo pawo gulu la Amano, afisi ndi akambuku. Katundu ankanyamula ndi ambidzi. Kumapeto kwenikweni, kumene fumbi lonse limathera, kunali gulu la Otsalira, ndipo m'menemo ndi momwe munali Gologolo, wotopa mpaka kumchira.

Chomutopetsa sichinali nkhondo ayi, nkhondoyo sinabwereko n'komwe. Zinali jombo. Buku la malamulo, a Jenerale Njovu anachita kulitola pamsasa wina wa anthu, ndiye linkati msilikali aliyense alandire chipewa chimodzi, mkondo umodzi ndi jombo ziwiri, saizi imodzi. Wamiyendo inayi, ziwiri. Nsato, ziwiri. Bongololo anadandaula mpaka kusasa mawu, anamupatsa ziwiri zomwezo. Koma lamulo lowawa linali patsamba lomaliza: msilikali amapuma n'kubwerera kwawo pokhapokha jombo zake zikabooka kunsi.

Nanga Gologolo akanazibowola bwanji? Mu jombo imodzi ankakwanamo yense, mchira ndi chipewa chomwe. Ankangozikoka ndi zingwe zake zitagona cham'mbali, kunsi osakhudza dothi. Zaka khumi ndi zinayi zinatha, kunsiko kukadali kwatsopano. Kwawo anasiya mkazi ndi tiana, tsopano ankangomva kuti tianato tili ndi ana awo, osadziwa n'komwe nkhope ya agogo awo. Zinkamupweteka zedi, ndipo ankaopa kudzafera mu jombo.

Tsiku lina atafika pamsasa, lilime lili panja, anaganiza kuti basi, jombozi zithe ndi mapazi a ena. Anayamba ndi a Sajeni Njati, amene zawo ankavala kumiyendo yakutsogolo.

"Bwana Sajeni, pepani, kodi msanawu wayamba liti?"

"Msana wanga watani?" anafunsa a Njati.

"Palibe bwana. Kungoti mukamaguba, kutsogolo kumakwera, kumbuyo kumatsika. Dzulo a Jenerale anakuyang'anani nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu."

A Njati anadzicheukira, nkhope inagwa. "Ndiye nditani, poti lamulo likuti ziwiri?"

"Likuti kulandira ziwiri, bwana. Zovala zingati silinanenepo kanthu. Zangazi zikungokhala."

Mwezi wathunthu a Njati anaguba ndi jombo zinayi, kukwera mapiri amiyala, kutsika. Gologolo ankangoyenda manja ali m'mbuyo. Koma matuza atawatuluka a Sajeni, anazivula n'kumugenda nazo. Gologolo anaziyang'ana kunsi: kwapyapyala, koma osabooka.

Anapita kwa a Kopolo Fisi. Nthawi imeneyo chakudya cha asilikali chinali phala lamadzi lokhalokha, ndipo a Fisi nthiti zinkachita kuwerengeka.

"A Kopolo, inu za nyama mumazidziwa. Tanunkhizani apa. Ndamva kuti jombozi anasokera chikopa cha ng'ombe yonona, mafuta n'kuwatsekera kunsiku kuti mabwana adzadye njala ikadzavuta. Koma musauze munthu."

A Fisi sanafunsenso. Anatafuna masana onse, dovu lili chuchuchu. "Iwe, mafuta aja ali kuti?"

"Mwina anaika mu inayo."

Anatafuna inayo. Atapsa mtima anafuna kungoimeza yonse, nambala ya Gologolo yolembedwa pajombopo ndi zingwe zomwe, ndipo popanda nambala ndani akanavomera kuti jombo ndi yake? Gologolo analoza kutchire. "A Jenerale awo akubwera apo," anatero. A Fisi anaima njo kuchitira sawasha tchire, jombo n'kugwa pansi. Pomwe ankacheuka, mwini wake anali atazikokera kale kuseri kwa chulu.

Kunsi tsopano kunali kofewa ngati chikondamoyo, kungotsala wobowola. A Chipembere, osunga zida, anali pamwala wawo kunola mikondo, n'kumanolerako nyanga yawo.

"Akuluakulu, mwala umenewo ndi wa mikondo," anatero Gologolo. "Adani athu akuti nyanga amayesera pa jombo. Ikalephera kubowola, mwini wake amamutumiza kwa onyamula katundu. Koma inu musayese, mwakula."

"Wakula ndani? Imika apo."

Bwoo, yoyamba. Bwoo, yachiwiri. Mabowo oti dzuwa linkachita kuonekera. Gologolo anakhala pansi, misozi ili lengelenge, maganizo ali kale panjira ya kwawo.

Pa perete wotsatira anakokera jombo zake pamaso pa a Jenerale Njovu. Iwo anazinyamula ndi chitamba, kuzitembenuza, kuwerenga nambala.

"Ndi zako ndithu. Koma miyezi itatu yapitayo ndinaziona zili zatsopano. Zatha bwanji?"

Apa ndi pomwe ndimamukwiyira Gologolo ine. Akanangoti, "Ukalamba bwana, ngakhale jombo zimatopa," bwenzi atapita. Koma anaona a Njati, a Fisi ndi a Chipembere ali ndwii pamzere, osatha kutsegula pakamwa kuopa kudziulula okha, ndiye kukoma kwa bodza kunamukwera kumutu.

"Kuyenda bwana. Ine anzanga akamapuma ndimazungulira malire onse a dziko lino, kawiri pa sabata, kuona ngati adani akubwera."

"Malire onse?"

"Onse bwana. Sabata yabwino, katatu."

A Jenerale anatembenukira asilikali. "Mwamva? Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna msilikali wotere, osadziwa kuti ali kufumbi. Ameneyu kumutaya ndi kutaya dziko." Anatsegula buku lija. "Lamulo likuti msilikali wamba jombo zikabooka apume. Koma kuyambira lero iweyo si wamba. Ndiwe Kaputeni woyendera malire, ndipo ntchito yako ndi yomweyo, katatu pa sabata. A Chipembere, m'patseni jombo za mabwana."

A Chipembere anabwera nazo akumwetulira, n'kuziika pansi kuti gu. Zinali zazitali kuposa zoyamba zija, zolemera kawiri, kunsi kwake atakhomako zitsulo.

Gologolo anatsegula pakamwa kuti aulule zonse, koma anakumbukira kuti wonamiza Jenerale amayambiranso usilikali pachiyambi. Anatsekanso. Asilikali anaomba m'manja, a Fisi n'kumaseka mpaka kugwa chagada. Kaputeni watsopano anachita sawasha, anakulunga zingwe paphewa, n'kuyamba kukoka kulowera kumalire.

Yanga yathera pamenepa, ine ndatopa nayo. Koma mukadzaona gologolo akuthamanga pang'ono n'kuima, kuthamanganso n'kuima, musamugende. Ndi bwana ameneyo, akadali pantchito.