Kartau la a Gregório

"Ine ndi chipatala cha boma ukwati udatha kale, ankhoswe adabalalika," anatero a Gregório, atakhala pampando wometera, chinsalu chili m'khosi ngati mwana wodyetsedwa phala.

Mawuwo anatulukira pazenera la kanyumba kometeramo tsitsi ka a Benedito, nakagwera panja pamene mayi Leopoldina ankasankha mbatata ya kachewere, pamsika wa ku Chingodzi. Mayiwo sanadzutse mutu. A Gregório anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo Dionísia, ndipo ankawadziwa kuyambira kwawo ku Tsangano, nsapato zawo zikadali zamatayala. Anangotola mbatata imodzi yosalala, naitembenuza, napeza kunsi kwake kuli kowola, naiponya pambali.

Zinali zaka zija malasha a ku Moatize anazunguza mutu mzinda wonse wa Tete. Kachipinda kamodzi kankalipiridwa ngati hotela, mbuzi inakwera mtengo ngati yaphunzira sukulu, ndipo aliyense wovala ovolosi ya mizere yowala ankayenda ngati msewu adaulambula ndi atate ake. A Gregório ankayendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya kumgodi kuti fumbi ligone. Sanali wa kampani yaikulu. Anali wa kakampani kolembedwa ganyu ndi kampani ina yolembedwanso ganyu, koma zimenezi sankazitchula. Chimene ankatchula ndi kartau, kachiphaso kapulasitiki kokhala ndi chithunzi chawo, kamene kankawatsegulira chitseko cha chipatala cholipira.

Tsikulo pawailesi ya m'kanyumbamo anthu ankatsutsana ngati boma liyenera kuchiritsa aliyense popanda kumuyang'ana m'thumba.

"Liyenera," anatero a Benedito, uku akupala m'mbali mwa khutu. "Malasha akutuluka m'nthaka ya tonse. Fumbi lake tikupuma tonse, mpaka nkhuku zanga zikutsokomola. Nanga mankhwala akhale a okhawo ovala zipewa zolimba?"

"Kumpadre, zaulere n'zimene zidagoneka dziko lino," anayankha a Gregório. "Mwezi ndi mwezi amandidula msonkho, ndalama yanga n'kukasokera mutu wa chidakwa chogwera m'ngalande. Ndipo mukapita kumeneko mupeza chiyani? Bicha yoyambira pachipata, munthu kuima pamzere m'mawa n'kuonedwa dzuwa litapendeka. Mutu ukuwawa, piritsi loyera. Mwendo wathyoka, piritsi loyera lomwelo. Aliyense adzilipirire thupi lake monga amadzigulira malaya."

"Za piritsi loyera simunaname," anavomera a Benedito. "Koma denga likamadontha timafolera, sitigwetsa nyumba."

"Foleranitu. Ine ndidasamuka."

Atatuluka, mutu ukunyezimira, mayi Leopoldina anawapatsa moni nafunsa motsitsa mawu: "Alamu, kartau limenelo ndi lanu kapena la kampani?"

"Chithunzi chili pamenepo n'cha ndani?"

"Chanu."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Nthawi imeneyo Dionísia anali woyembekezera, patatha zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wopanda kulira kwa mwana. Anali atayamba kale sikelo pa kachipatala ka boma ka m'deralo. Namwino wa kumeneko anamuuza kuti magazi ake ndi ochepa, namupatsa mapiritsi ofiira, nalemba pa ficha, chipepala chimene mayi woyembekezera amayenda nacho, kuti tsiku lake likafika akachirire kuchipatala chachikulu cha kutsidya, osati kwina. Koma mnzawo wina wa a Gregório wa kumgodi anaona Dionísia atakhala pansi pa bicha, miyendo atatambasula pasimenti, ndipo mawa lake nkhaniyo inadyera limodzi ndi mpunga wa masana kuntchito. A Gregório anabwera kunyumba nkhope itakwinyika, natenga ficha ija naiika pambaula.

"Mkazi wa Gregório sakhala pansi ngati wopempha," anatero, pepalalo likupindika pamoto.

Kuchipatala cholipira anapitako kawiri. Kunali mipando yofewa ndi mphepo yozizira yochokera m'khoma, ndipo mwana anamuonetsa pagalasi ali m'mimba. Dionísia anabwera kumsika maso akuwala. "Mana, ndamuona, akuyamwa chala," anauza mkulu wake. Mayi Leopoldina anakondwa ndi mtima wonse, mpaka anayamba kudzifunsa ngati kukayika kwawo sikunali nsanje chabe ya munthu wogulitsa mbatata.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, misewu imene a Gregório ankathira madzi inatha kukonzedwa, ndipo kakampani kaja kanapinda mahema ake. Kunyumba palibe anauzidwa. M'mawa uliwonse bamboyo ankavala ovolosi ndi nsapato zachitsulo kumapeto, n'kutuluka ngati kale. Mayi Leopoldina anadziwa mwangozi, atapita kukalandira matumba pa lole yochokera ku Angónia. Anawapeza mlamu wawo pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu wa kubwalo la ndege, akusewera bawo dzuwa lili pamutu, chipewa cholimba atachikhalira.

"Ndi masabata awiri okha, alamu," anatero a Gregório atawakokera pambali. "Ntchito ina ikubwera. Musamuuze, mungamudwalitse."

"Mubwezereni kusikelo."

"Kuti anthu anene chiyani? Kuti Gregório wabwerera ku bicha?"

Dionísia sanafunike kuuzidwa, pakuti mkazi amamva kutha kwa ntchito pa kupepuka kwa dengu la kumsika. Koma mkulu wake atamunyengerera kuti apite limodzi kusikelo mwakachetechete, anapukusa mutu. "Abambo akana. Ndipo akandifunsa ficha ndikati ili kuti? Anamwino andikalipira pamaso pa anthu." Mayi Leopoldina anaganiza zomukoka padzanja, kenaka anakumbukira kuti za m'nyumba ya eni salowerera, nabwerera ku mbatata zawo. Ulemu umenewo adzausenza mpaka kumanda. Masabata awiri aja anabereka miyezi itatu, mapiritsi ofiira anatha, ndipo zikhato za Dionísia zinayera ngati za munthu wosinja ufa.

Tsikulo linafika mu Novembala, masana, dzuwa la ku Tete likuwotcha mpaka agalu kuiwala kuuwa. Magazi anayamba kutuluka ululu usanayambe. A Benedito anatseka kanyumba kawo munthu atametedwa mbali imodzi, napeza galimoto ya mnansi. Mayi Leopoldina anakhala kumbuyo, mutu wa mng'ono wawo uli pamiyendo, nauza woyendetsa kuti alunjike kumlatho wowolokera kuchipatala chachikulu.

"Khotera kumanja," anatero a Gregório. "Kuchipatala changa. Amandidziwa kumeneko."

"Alamu, kartau lidafa."

"Munthu sadafe. Ndikalankhula nawo."

Ankawadziwadi. Mayi wa pakhomo anawatchula dzina, nayang'ana m'makina ake, nati mwaulemu wonse: "Senyoro Gregório, kampani yanu idakufufutani miyezi itatu yapitayo." Bamboyo anachonderera, anakweza mawu, anatchula mayina a akuluakulu a kumgodi, anavula wotchi naiika patebulo. Pomaliza dokotala anatuluka, nasuzumira m'galimoto, nkhope yake inasintha.

"Ngakhale kartau likadakhala lamoyo, ife magazi sitisunga," anatero. "Zoterezi timatumiza kuchipatala cha boma, kaya ndi mkazi wa ndani. Thamangani."

Pamenepo panapita pafupifupi ola lathunthu. Pamlatho wa Zambezi anapeza malole ataima mchira ndi mphuno, monga ankachitira masiku amenewo. A Benedito anatsika, nayenda pakati pa magalimoto atanyamula m'mwamba nsalu yonyowa ndi magazi, mpaka wapolisi anaiona nawatsegulira njira. A Gregório, amene ntchito yawo inali ya chiwongolero, anakhala kutsogolo manja ali pamaondo.

Tisanamize: bicha ya kuchipatala chachikulu inali monga momwe bamboyo ankanenera. Anthu anali m'makonde, pansi pa mitengo, ena atagona pamakatoni. Koma namwino wina wamfupi ataona nsalu ija anang'amba mzerewo ndi mawu amodzi, ndipo anthu amene anadikira kuyambira m'bandakucha anapatuka osadandaula. Palibe anafunsa za ntchito kapena za thumba. Anafunsa chinthu chimodzi.

"Ficha ili kuti?"

Mayi Leopoldina anayang'ana mlamu wawo. Mlamu wawo anayang'ana nsapato zawo.

"Ndiye tiyamba ngati sitikumudziwa," anatero namwinoyo, "ndipo nthawi yoyeza tilibe."

Anamuyeza mothamanga, anamung'amba, ndipo mwana anatuluka ali chete. Anali wamkazi, tsitsi lambiri. Dionísia anatsala ndi moyo chifukwa cha matumba atatu a magazi amene anatengedwa m'chipinda chozizira cha chipatalacho.

Dzuwa lisanalowe, bambo woyang'anira chipindacho anaitana abale. "Matumba atatu atuluka," anatero. "Magazi amenewa adasiya ndi anthu oti simudzawadziwa. Sitigulitsa ndipo sitigula. Abale atatu apinde malaya abwezeretse, kuti wobwera mawa apeze." Mayi Leopoldina anagona pabedi loyamba, a Benedito lachiwiri. A Gregório anati akukaimbira lamya anzawo a kumgodi, natuluka pachipata. Anzawo sanayankhe, ndipo iwo sanabwerere. Ankakhulupirira, monga amuna ambiri, kuti wopereka magazi mphamvu zimamuthera m'mawondo ndi kwina kumene, ndipo mphamvu n'zimene zinali zitawatsalira.

M'mawa mwake amayi anakaika mwanayo monga amaikira nthayo kwawo: amayi okhaokha, opanda bokosi, opanda nyimbo, opanda kulira mokweza. Mayi Leopoldina ndi amene anamunyamula. Anali wopepuka kuposa mulu umodzi wa mbatata. Atate ake mwambo sunawalole kupita, choncho sanaone ngakhale pamene anagona.

Tsiku lachisanu a Gregório anatulukira kumsika atavala patapata. Nsapato zachitsulo zija ndi wailesi ya kanema anali atagulitsa. Anatambasula dzanja lokhala ndi ndalama zopindapinda.

"Alamu, pezani munthu wa maganyu akapereke m'malo mwanga. Amapezeka pachipata paja."

Mayi Leopoldina anapitiriza kuunjika mbatata. "Mng'ono wanga akupuma ndi magazi a anthu atatu amene sadafunse kuti mwamuna wake ndi ndani. Ndalamazo mumugulire chiwindi. Wanena kuti mawa akutulutsidwa, ndipo satuluka pachipata thumba lachitatu lisanabwerere. Wati mwana wamusiya, sasiyanso dzina loipa."

"Ndiye n'chimodzimodzi, bola thumba lidzaze."

"Watchula mkono wanu."

Mawa lake a Gregório anafika kuchipatala dzuwa litangotuluka, napeza anthu khumi ndi anayi ali kale pakhomo la chipinda cha magazi. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali khomo lina la anthu odziwika. Panalibe. Anaima kumbuyo kwa mayi wina wogulitsa makala amene anabwera chifukwa cha mpongozi wake, ndipo miyendo itatopa anakhala pansi pasimenti. A Benedito anabwera, amayi awiri a kumsika amene anaika mwana uja anabweranso, nakhala pabenchi moyang'anana nawo. Chakumasana mayi Leopoldina anafika atagwiriza Dionísia, amene ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba yopanda kanthu. Sanapatsane moni ndi mwamuna wake. Anakhala pansi n'kumayang'ana.

Dzina lawo litaitanidwa, chitseko chinasiyidwa chotsegula chifukwa cha kutentha, choncho onse anaona. Anaona bamboyo akupinda malaya, akutembenuzira nkhope kukhoma singano ikulowa, thukuta likutsika m'khosi. Thumba linafufuma pang'onopang'ono, lakuda ngati la munthu wina aliyense. Woyang'anira uja analimanga, nalemba papepala, nati: "Atatu akwana."

"Apita kwa ndani?" anafunsa a Gregório.

"Kwa amene afike."

"Ngakhale chidakwa," anawonjeza a Benedito ali pakhomo, osaseka.

A Gregório anatuluka atapinda mkono pa kathonje. Anaima pamaso pa mkazi wawo. Dionísia anadzuka mothandizidwa ndi mkulu wake.

"Ndikukhala kwa mana ku Mpadue mpaka chilonda chipole," anatero. "Zinazo tidzaona. Nyamulani beseni."

Ananyamula. Anadutsa m'khonde lodzaza anthu, Dionísia ndi mkulu wake patsogolo, bambo wa patapata pambuyo, beseni la zovala lili m'manja, akusamala kuti asaponde miyendo ya ogona pansi. Chipatalacho chinali chikadali chosowa mabedi, ndipo piritsi loyera linali likadali loyera. Koma mwa onse amene anali pamzere tsikulo panalibe amene ankadziwa kufunika kwa chipatalacho kuposa bambo ameneyu, ndipo nzeru imeneyo anaigula modula. Akuluakulu adanena kale: ukakwera pamsana pa njovu, usamati pansi palibe mame.