Chete wa Asiyatu

Mlendoyo anafika itangotha swala ya masana, pa njinga yamoto, atavala mkanjo woyera mbee. Ine ndinali pakhonde la a Shehe Silaji, ndikumanga nthiti za ambulera, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yomwe yandiyendetsa maiko. Masiku amenewo ndinkagona kwa iwo, kuseri kwa phiri la Chikala, nditatopa ndi Nampula ndi Mbeya yemwe. Miyendo yanga siidziwa kukhala, koma pakhomo paja inandilola kukhala dzinja lonse, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akukhoma malata, mtima umabwerera komweko.

"Asalamu alaikumu. Ndine Mwalimu Dinala, wa mzikiti wa kutsidya kwa dambo. A Shehe alipo?"

"Wa alaikumu salamu. Alipo, koma ali pa maphunziro."

"Ndidikira amalize kuphunzitsa."

"Sakuphunzitsa," ndinatero ine. "Akuphunzira."

Anandiyang'ana ngati ndamuchita chipongwe. Ndinamutengera kuseri kwa mzikiti, pansi pa mtengo wa mango, pamene Che Saizi ankakhomera zidebe ndi mbaula. Che Saizi anabadwa osamva ndiponso osalankhula. Tinawapeza atakhala pa mpando, pamene a Shehe, munthu wa imvi amene anthu ankamuyendera kuchokera kutali ndi mafunso a chipembedzo, anali pansi pa chiguduli cha thumba. Ankapinda zala ndi kuzitambasula, ndipo akalakwitsa, Che Saizi ankawamenya pang'ono padzanja n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

A Shehe ataona mlendo, anapempha chilolezo kwa Che Saizi ndi manja, kenako anadzuka n'kumulonjera.

"Mutikhululukire, a Mwalimu, mwatipeza tili ku sukulu. Ndine wophunzira wouma mutu. Tsiku lina ndinkafuna kuwauza za Mulungu, ndinaloza kumwamba, iwo n'kuthamanga kukalowetsa mbaula m'nyumba poganiza kuti ndikunena za mvula."

Mwalimu Dinala sanaseke. Atakhala, anafotokoza chomwe chinamubweretsa.

"A Shehe, Lachisanu likubwerali ndikuyenera kumanga nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu. Mtsikana dzina lake ndi Asiyatu, ndipo ali ngati bambo awa, samva, salankhula. Malume ake amupezera mwamuna, munthu wamkulu ndithu, wa chigayo. Zonse zakonzeka. Koma mayi ake akuvuta. Iwo akuti mwana sakufuna. Malume akuti amene sakufuna ndi mayiyo. Mayiyo alumbira kuti sakhudza mphika wa phwando mpaka nditabwera kwa inu. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Ine ndangobwera kuti mutsimikize, nkhani ithe."

"Nditsimikize chiyani?"

"Zomwe tonse tikuzidziwa. Mabuku a malamulo amati namwali akafunsidwa za ukwati n'kukhala chete, cheteyo ndiye kuvomera, pakuti manyazi amamanga pakamwa. Ine ndinamufunsa pamaso pa mboni ziwiri. Anakhala chete."

"Mwawerenga bwino," anatero a Shehe. "Munakaphunzira kuti?"

"Ku Zanzibar. Mabuku onse ndinamaliza."

"Alihamudulila. Ndiye mundilole nanenso ndikufunseni kanthu."

A Shehe anatembenukira kwa iye bwinobwino. Anamuloza pachifuwa, anapotoza nkhonya ziwiri m'mwamba, kenako anatambasula chikhatho n'kuchikokera kwa iwo eni. Atatero anapinda manja n'kudikira. Mwalimu anayang'ana ine, anayang'ana Che Saizi, osanena kanthu.

"Zikomo kwambiri, a Mwalimu, Mulungu akubwezereni," anatero a Shehe. "Kiyi ali kuti?"

"Kiyi wa chiyani?"

"Wa njinga. Ndakufunsani ngati mungandipatse njinga yanu yamoto, ndipo mwakhala chete. Mboni ndi izi, ziwiri."

Che Saizi, amene funsolo analimva ndi maso, anali atatambasula kale dzanja kuti alandire kiyi m'malo mwa wophunzira wawo. Ine kuseka kunandipulumuka. Mwalimu anagwira thumba la mkanjo wake, nkhope itagwa.

"Koma a Shehe, ine sindinamve kuti mukufunsa."

"Nanga Asiyatu anamva?"

Mphepo inkagwedeza zidutswa za malata zomwe zinali pansi.

"Buku silinalakwe," a Shehe anapitiriza mofatsa. "Likunena za namwali amene funso lamufika. Uyu anangoona milomo yanu ikugwedezeka, monga amaionera tsiku lililonse."

"Ndiye mayi ake amasulire."

"Malume adzati mayi anama. Akamasulira malume, mayi adzati malume anama. Womanga nikaha ndinu, ndipo wokayankha kwa Mulungu za mwana ameneyu ndinu. Funsolo lichoke m'manja mwanu, yankho lilowe m'maso mwanu."

"Ine? Pa msinkhu uno ndiyambe kugwedeza zala ngati mwana wosewera? Anthu a mzikiti wanga adzandiona bwanji?"

"Monga a mzikiti uno amandionera ine. Anaseka, anatopa. Che Saizi akhala akuswali kumbuyo kwanga chiyambire unyamata wawo. Lachisanu lililonse amakhala mzere woyamba, maso ali pakamwa panga. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, kodi munthu uyu amatenga chiyani popita kwawo? M'mabuku anga munalibe njira yowafunsira. Ndinabwera kudzakhala pa thumba ili."

Mwalimu anaimirira, anatsanzika mwaulemu koma mwachidule, n'kuliza njinga yake. Ine ndinati basi, ameneyo sitidzamuonanso. Ndawadziwa ambiri otero m'maulendo anga. Ineyo zilembo ndinaziphunzira pa zikwangwani za masitolo, ndipo Chiarabu chochepa chomwe ndili nacho ndinachitola nditakhala kumbuyo m'madarasa a eni ake, choncho pansi sindipaopa. Koma munthu amene anamuveka kale ulemu, maondo ake amauma.

Ndinalakwa. M'mawa mwake njinga ija inalira pakhomo. Nikaha anali ataiimitsa, malume akutukwana. Anavula nsapato, anayang'ana thumba lija kwa nthawi, n'kukhala pambali pa a Shehe. Che Saizi sanamuchitire chifundo. Ankamumenya padzanja kuposa mmene ankawamenyera a Shehe, ndipo anamupatsa dzina la manja lomwe linali kutukumula masaya. Mwalimu atafunsa tanthauzo lake, a Shehe anati, "Limenelo mudzalimva nokha mukapita patsogolo."

Anabwera choncho kwa masabata angapo. A Shehe anamuchenjezanso kuti manja a Asiyatu sangafanane ndendende ndi a Che Saizi, pakuti aliyense anakulira pakhomo pake, ndiye madzulo ena Mwalimu ankakakhala pakhonde la mayi a mtsikanayo kuonerera mmene amalankhulirana.

Tsiku lomaliza lomwe ndinamuona, chimanga chinali chitayamba kuuma, nanenso ndinali nditayamba kumanga katundu. Anafika osatukumula masaya.

"A Shehe, ndamufunsa. Malume analipo, mayi analipo, mwamunayo analiponso."

"Munafunsa bwanji?"

Mwalimu anakoletsa zala ziwiri zolozera, monga anaphunzirira kunena ukwati, n'kuloza pambali, ngati pamene panakhala mwamuna uja.

"Nanga iye?"

"Anakoletsa zala zake momwemo, n'kuzilekanitsa mwamphamvu, n'kusasa m'manja. Ndinabwereza funso kuti ndisalakwe. Anabwereza yankho. Ngakhale malume anamva. Nikaha sindimanga."

"Alihamudulila."

"Ndiye ndabwera kudzathokoza ndi kudzatsanzika. Chomwe ndinkafuna ndachipeza. Ndibwerere ku ntchito zanga."

A Shehe anagwedeza mutu. Kenako anafunsa ngati munthu wongofuna kudziwa.

"Atayankha, anangochoka?"

Mwalimu anazengereza. "Ayi. Anandigwira mkanjo. Analoza ku mzikiti, analoza pakamwa panga, n'kutambasula zikhatho chonchi." Anaonetsa.

Che Saizi, amene ankaonerera, anaika nyundo pansi. Anadziloza pachifuwa kawiri, n'kutambasula zikhatho momwemo.

"Mwamva zomwe akufunsa?" anatero a Shehe.

"Ndikuganiza kuti ndamva. Akufunsa kuti ndimanena chiyani mu mzikiti muja Lachisanu."

"Nanga Asiyatu munamuyankha chiyani?"

"Ndinalibe manja ake, a Shehe. Ndinakhala chete."

A Shehe anasendera kumapeto kwa thumba lija, n'kupukuta fumbi pamalo pomwe panatsala.

"Mwaphunzira funso limodzi, a Mwalimu, ndipo mwana wa eni wapulumuka nalo. Tsopano wafunsa ndi iye, ndipo inu mwamva. Mwa lamulo lanu lomwe lija, chete wanuyo ndiye kuvomera. Khalani pansi, aphunzitsi athu akudikira."