Gitala Yopanda Mizere

Panali munthu wina wokonza mawailesi pamsika wa m'mbali mwa msewu, masiku aja wailesi ikafa sinkatayidwa. Munthuyu akamva chinthu chikulira, mtima sunkakhala pansi mpaka adziwe chikuchiliritsa n'chiyani. Tsiku lina anaona gitala yamagetsi ya oyimba a kutchalitchi, ndipo anabwerera kwawo mtima uli dyokodyoko.

Anapempha thabwa la mbawa kwa kalipentala, nalisema. Anachotsa maginito m'sipika yakufa, nakulungapo waya wamkuwa woonda ngati tsitsi, kuti azitola kunjenjemera kwa nsambo. Nsambozo anasolola m'mabuleki a njinga. Atalumikiza zonse ku wailesi yakale ndi batire ya galimoto, anangokhudza nsambo imodzi, nkhuku zonse pabwalo balala!

Chinamusowa chinali chimodzi: tizitsulo tija topingasa pakhosi pa gitala, touza chala pokanikiza. Tsono anapita kutchalitchi ndi bango, naligoneka pakhosi pa gitala ya kumeneko, nadinda malo a kachitsulo kalikonse. Atafika kunyumba anakopera malowo pagitala yake ndi penti yoyera.

Nthawi imeneyo mwana wa mlongo wake, Tinenenji, ankakwatiwa. Iye monga malume anali atalonjeza pagulu kuti azimayi akamadzayimba nyimbo yolowetsa mkwatibwi, adzawaperekeza ndi gitala yopanga yekha. Choncho masana aliwonse mkazi wake Nachisale ankayimba nyimboyo pakhonde, iye akutsatira, maso ali pamizere.

Koma sizinkagwirizana.

"Bambo a Yotamu, imeneyi ndi gitala kapena mbuzi yakodwa mumpanda?" anafunsa Nachisale.

"Chala changa chili pamzere penipeni. Mukusochera ndinu."

"Ine? Nyimbo imene ndinayamba kuyimba ndisanagule mano? Mukakatero kuukwati, alamu anga akakupirikitsani ndi tsache, mwana wawo akuona."

Masiku anatha, ukwati n'kuyandikira. Tsiku lina kunatentha kwambiri, ndipo chala chake, chili thukuta lokhalokha, chinaterereka n'kupitirira mzere. Pomwepo kulira kwa gitala kunalowa m'mawu a mkazi wake ngati madzi othiridwa m'madzi.

Nachisale anadukiza nyimbo. "Apo! Mwatani?"

"Ndaphonya mzere."

"Phonyaninso."

Anaphonyanso dala, zinagwirizana. Anayesa mzere wina, chimodzimodzi. Munthu uja anadabwa. Ananyamula gitala yake kupita nayo kutchalitchi, naigundanitsa ndi inzake ija. Apo m'pamene anaona kuti khosi limene anasema linali lalitali kuposa linalo ndi chikhatho chathunthu. Mizere ija sinali yabodza ayi. Inali yoona, koma pagitala ya eni.

Atabwerako anakhala pakhonde, chitini cha penti chili pambali. Akanatha kulemba mizere ina. Koma anaswa botolo, natenga chidutswa chake monga amachitira akalipentala posalaza thabwa, nayamba kupala. Anapala mpaka khosi lonse linatsala mbawa yokhayokha.

"Nanga pogwira muzidziwa bwanji?" anafunsa Nachisale.

"Inu yambani. Ine ndikupezani."

Poyamba ankampeza mochedwa, chala chikufufuza uku ndi uku ngati munthu wofuna khomo mumdima. Nsonga za zala zinatuluka matuza, matuzawo n'kusanduka zikang'a. Kenako khutu linayamba kufika msanga, chala n'kumalitsatira.

Tsiku la ukwati, azimayi aja atakondwa anaiyamba nyimbo ija pamwamba, kuposa pomwe Nachisale ankaiyambira pakhonde. Nachisale anamuyang'ana mwamuna wake ndi mantha. Iye anapendeketsa mutu, natsetseretsa chala pang'onopang'ono mpaka anawapeza, ndipo Tinenenji analowa pakati pa nthungululu.

Inu amene mukumva izi, ndani mwa ife sanapiteko ndi bango kwa mnzake? Timayeza banja la eni, kaleredwe ka eni, kapezedwe ka eni, n'kudzapaka mizereyo pakhomo pathu. Zikapanda kugwirizana, timati wosochera ndi amene tikukhala naye. Musanamuloze chala, yambani mwaona ngati khosi la gitala yanu likufanana ndi la kumene munakayezako. Ngati silikufanana, palani, ndipo mumve amene akuyimba pambali panu.