Makoma Owongoka a Yotamu

Panali mmisiri wina womanga nyumba, dzina lake Yotamu. Pa ntchito yake munthuyu sankakhulupirira pakamwa pa wina aliyense. Mwini nyumba akamuuza kuti, "Pano nthaka ndi yolimba, yambani," iye ankangomwetulira, n'kutenga chitsulo chake kubaya pansi yekha. Akamuuza kuti khoma lawongoka, ankaikabe levulo, chida choyesera kuwongoka kwa khoma. Ankati maso amanama. N'chifukwa chake nyumba zake sizinkachita ming'alu, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Zida anali nazo zonse, kupatula kudzichepetsa.

Yotamu anakwatira mkazi dzina lake Nankhoma, ndipo anakhala kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini. Ankakondana kwambiri. Mwana wawo woyamba, wamkazi, anadwala atangoyamba kumene kuyenda, ndipo anamwalira. Anamuika kumanda a kwawo kwa mayi ake, monga mwa mwambo. Mandawo anali m'kamsitu, m'mbali mwa njira yopita kudimba.

Kuyambira pamenepo Yotamu anaona chinthu china. Awiriwo akamapita kudimba, akangofika pakamsitu paja, mapazi a Nankhoma ankalemera. Nthawi zina ankaima n'kumakonza nkhata imene inali itakhala kale bwino pamutu. Pofika kudimba, maso anali atafiira. Chaka chinatha, china chinayamba, misozi ya pa njira ija sinaphwe.

Yotamu zinkamupweteka mtima. Ndipo mumtima momwemo anazenga mlandu wonse yekha, n'kuugamula yekha. Anati, "Mkazi wangayu malo ano akumudya. Akufuna kuchoka, koma sanganene, poti kuno ndi kwawo."

Sanamufunse. Anaona ngati kufunsa n'kutosa chilonda. Komanso munthu angafunsirenji chinthu chimene akuchidziwa kale?

Anapita kwawo, kuseri kwa phiri, nakapempha malo kwa malume ake. Anaumba njerwa, naotcha uvuni. Kunyumba ankangonena kuti, "Ndapeza ntchito kwathu kuja," ndipo kunena zoona sankanama kwenikweni. Maziko anakumba mpaka khasu linalira pamwala. Zenera la kuchipinda analiloza kum'mawa, poti Nankhoma ankakonda kadzuwa ka m'mawa. Khitchini anaisiyira potulukira utsi, poti utsi unkamuvuta m'maso. Kuseri anadzala mandimu. Anagulitsa njinga yake kuti malata akwane. Panalibe njerwa imene anaiika osaganizira mkazi wake, ndipo nyumba yokongola chonchi anali asanamangirepo munthu.

Tsiku lina malume ake anaima pakhonde akuyang'ana khoma, nati, "Mphwanga, ntchito ndiye mwaigwira. Koma mayi akunyumba mwagwirizana nawo?"

Yotamu anaseka ali pamwamba pa khomalo. "A malume, mkazi wanga ndimamudziwa. Asanatsegule pakamwa ndimakhala nditamva kale."

Nyumba itatha, anatengana ndi malume akewo kukapempha chitengwa, ndiko kuti aloledwe kutenga mkazi wake kukakhala naye kwawo kwa mwamuna. Anakhala pamphasa kwa malume ake a Nankhoma, amene ankayang'anira mbumba yonse ya pamenepo. Mawu anayalidwa mwaulemu wake. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zamveka, akamwini," anatero. "Mwakhala nafe bwino, ife sitingakukanizeni. Koma mwiniwake wati chiyani?"

"Akufuna," anayankha Yotamu.

"Anakuuzani?"

"Sanachite kunena ndi pakamwa. Koma ndikudziwa."

Mkuluyo anaitanitsa Nankhoma. Iye anabwera akupukuta manja pachitenje, nagwada chapatali. Apo m'pamene anamva koyamba, pamaso pa anthu, kuti ali ndi nyumba kuseri kwa phiri. Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo, nyumba yake iti?"

Yotamu anafotokoza chifuwa chili patsogolo. Ananena za zenera, za khitchini, za mandimu. Kenako anatsitsa mawu. "Ndakhala ndikuona mmene mumalirira tikamadutsa pakamsitu paja. Ndinati ndikuchotseniko, mupume."

Nankhoma sanakwiye, ndipo kukanakhala bwino akanakwiya.

"Mundichotseko?" anafunsa. "Bambo, kudimba kuli njira ziwiri. Ya kumunsi ndi yachidule, ndipo siidutsa kumanda. Simunadabwepo kuti ine ndimasankhiranji ya kumtunda, ndi katundu pamutu?"



"Mwana wanga ndimakumana naye pamenepo pokha," anapitiriza Nankhoma. "Ndikamadutsa ndimamuuza kuti, mayi ako ndilipo, sindinapite. Misozi ija ndi moni wanga. Tsopano mukuti ndikakhale kuseri kwa phiri. Nanga iye atsala ndi yani?"

Yotamu anakumbukira m'mawa uliwonse umene anafika pamphambano ya njira ziwirizo, mkazi wake ali patsogolo, n'kukhotera kumtunda popanda womukakamiza. Anaziona zonsezo ndi maso ake, maso omwe aja ankati amanama. Manyazi anamugwira, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo.

Yotamu akuperekeza malume ake panjira, iwo anamulankhula monong'ona. "Mphwanga, nyumba yatha, ndipo nyumba siikhala yopanda mkazi. Mwini mbumba wavomera kale. Limbani mtima, mayiyu akazolowera. Akakanitsitsa, akazi sanathe m'dziko muno."

Yotamu ankadziwa kuti akaumirira, Nankhoma akhoza kumutsatira chifukwa cha ulemu, n'kukakhala m'nyumba yokongolayo thupi lokha. Ankadziwanso kuti mkaziyo akhoza kukana, banja n'kuthera pomwepo. Nyumba ndi mkazi sizikanatheka kukhala nazo pamodzi.

M'mawa mwake anabwereka ngolo. Anafika kuseri kwa phiri, nakwera padenga limene analikhoma yekha, nayamba kuzula misomali. Anthu anasonkhana akufunsana ngati mmisiri wapenga. Iye anatsitsa malata onse, anazula chitseko, anazula ndi zenera lija. Anapakira pangolo n'kubwerera kuchikamwini. Kanyumba kawo ka udzu anakafolera ndi malatawo, ndipo zenera analiboolera kum'mawa.

Makoma okha ndiwo sakanakwera ngolo. Anatsala komweko.

Tsiku lotsatira awiriwo anapita kudimba. Pamphambano paja Yotamu ndiye anali patsogolo, ndipo anakhotera kumtunda. Atafika pakamsitu anaima, navula chipewa.

"Mumamuuza chiyani?" anafunsa. "Ndiphunzitseni, nanenso ndimupatse moni."

Limeneli linali funso loyamba limene anamufunsa mkazi wake pa nkhaniyi. Linali lopepuka, silinafune njerwa kapena uvuni, ndipo likanatha kufunsidwa kalekale.

Makoma aja akadalipo kuseri kwa phiri. Mvula yawamenya zaka zambiri, koma mng'alu palibe. Odutsa amaima n'kuyamikira kuti wamanga apa ndi katswiri, ndipo sanama. Mkati mwake mumagona mbuzi.

Tsono inu amene mwakhala pano kukonzekera kulowa m'banja, ndimvereni. Yotamu sanali munthu woipa, sanali waulesi, ndipo chikondi chake sichinali chachinyengo. Njerwa iliyonse inali pamalo pake. Chimene chinali chosayesedwa ndi chimodzi chokha, chija chinanyamula zonse: "Ndikudziwa chimene akufuna." Kusukulu ndi m'maofesi ali ndi mawu aatali a Chingerezi onenera kuti chinthu chakhazikika pa ganizo limene munthu wangolitenga ngati loona. Mawuwo musawaope ngati ndi a m'mabuku mokha. Nkhani yake ndi ya tsiku ndi tsiku, ya m'khitchini ndi ya panjira ya kudimba, ndipo funso lake ndi lalifupi: ichi ndikumangachi chatsamira pa chiyani?

Mukamva mtima wanu ukunena kuti, "Sanachite kunena, koma ndikudziwa," ikani njerwa pansi. Pitani kwa mwiniwake. Pakamwa ali napo, ndipo mumagona naye nyumba imodzi. Mufunseni lero, dothi likadali m'chikombole. Malata amabwerera pangolo, abale anga, koma makoma sabwerera.